Chipinda cha Nyali Yofiira

Anzake a kupolisi anaseka atamva kuti Sajeni Lorna Boychuk watumidwa kukafufuza imfa ya mbewa. Wina anamukuwira ali pakhomo kuti asaiwale unyolo waung'ono, mwina akakumana ndi mphaka. Lorna sanaseke. Mu ofesi monsemo munalibe amene ankadziwa kuti mwini mbewazo, Pulofesa Ingrid Reimer wa ku yunivesite, anali mng'ono wake wa bere limodzi. Dzina la Boychuk linali la mwamuna amene anasiyana naye kalekale, koma analisunga chifukwa linkamubisa. Mu Winnipeg ukangoti ndine Reimer, funso lotsatira limakhala lomwelo: kodi ndinu wachibale wa katswiri wa za tulo uja?

Linali Lolemba m'mawa, kunja kukuzizira kotsina mphuno. Lorna anasasa chipale chofewa ku nsapato n'kulowa m'nyumba ya kafukufuku. Woyamba kumulonjera anali Ingrid wa pachithunzi, wamtali kuposa chitseko, atapinda manja, tsitsi lili bwinobwino. Pansi pake panalembedwa mawu ake: Ntchitoyi ndinaiyamba chifukwa cha mchimwene wanga.

Mchimwene wotchulidwayo, Alvin, nthawi imeneyo n'kuti ali kunyumba kwa Lorna, akudya phala m'chipinda chapansi. Ankadwala matenda a maganizo, aja omva mawu a anthu osaoneka, ndipo matendawo akati adzuke, choyamba kumuthawa chinali tulo. Wokamusaka m'misewu anali Lorna. Womunyengerera kumwa mapiritsi anali Lorna. Ingrid ankangomutchula m'misonkhano ku Boston ndi ku Montreal, anthu n'kumapukuta misozi.

Lorna anaima pansi pa chithunzicho nthawi yotalikirapo kuposa momwe ankafunira, kenako anakwera masitepe.

*

"Atuma inu, achemwali?" Ingrid anafunsa atamuona pakhomo pa ofesi. Sanaimirire.

"Lero ndine wapolisi. Fotokozani, a Pulofesa."

Ingrid anapumira m'mwamba, n'kuyamba ndi mawu ake a m'kalasi aja. "Munthu akagona, ubongo umayamba kusanja zomwe waphunzira masana. Tikamumata timawaya kumutu timaona timafunde ting'onoting'ono, tothamanga. Timeneto ndi timene timasunga zinthu kuti zisaiwalike. Anthu ngati Alvin amakhala nato tochepa, n'chifukwa chake akadzuka..."

"Alvin ndimamudziwa. Kamba za mbewa."

Mbewazo, Ingrid anafotokoza, sizinali mbewa wamba. Anaziweta kwa zaka zambiri, mbadwo ndi mbadwo, mpaka zinayamba kubadwa ndi chilema chomwecho cha mu ubongo. Ukaziphunzitsa lero njira yopita ku chakudya, mawa zimadzuka zitaiwala. Tsopano anali atapeza mankhwala obwezeretsa timafunde tija, ndipo mbewazo zinali zitayamba kukumbukira. Kunangotsala milungu yochepa kuti apemphe chilolezo choyesa mankhwalawo pa anthu.

"Zonse zinali pa shelefu ya kumanzere. Mnzanga wa ntchito Gordon wazipeza m'mawa uno zitafa. Wina wazithirira poizoni m'madzi." "Kuti ndiyambirenso, ndidzamaliza ndikuyendera ndodo."

"Watsika kukaziona?"

"Ayi."

Lorna anamuyang'anitsitsa. Ntchito ya moyo wake wonse yafera pansi pa nyumba yomweyi, iye osatsika n'komwe?

"Nambala ya pachitseko amaidziwa ndani?"

"Ine, Gordon Penner amene amayendetsa labu, ndi Maricel Abad. Maricel anabwera chaka chatha kuchokera ku Philippines. Ndi waluso zedi. Koma Lachisanu tinakangana. Ankafuna kusuntha shelefuyo, akuti kudenga kukulowa mphepo yozizira pamwamba pake. Ndinakana. Pakati pa kafukufuku sitisuntha kanthu. Ndiye anati, zikafa musadzandifunse."

"Anatero?"

"Gordon analipo, anamva. Akuluakulu amulanda kale khadi lolowera. Akuti madzulo ano amuchotsa ntchito, ndipo ntchito ikatha, chilolezo chake chokhalira m'dziko muno chathanso."

"Nanga iwe dzulo unali kuti?"

"Mwaiwala? Tinali limodzi kwa Amayi pa faspa, kachakudya kathu ka Lamlungu madzulo kaja."

"Ndinakuona. Unadya banzi limodzi, tchizi osakhudza, n'kunyamuka khofi asanazizire. Unapita kuti?"

Ingrid anayang'ana pawindo. "Ndinabwera kuno."

"M'nyumba ino?"

"Mu ofesi muno. Ndekha."

Lorna anamva kanthu kofunda kakuyenda m'chifuwa mwake, kotsekemera. Anali atamvapo za akatswiri amene amawononga okha ntchito yawo akaona kuti bodza lawo latsala pang'ono kuululika. Anaona m'maganizo anthu awiri atakwera pa makwerero, akutsitsa chithunzi chija pakhoma. Anatuluka msanga, kuopa kuti nkhope yake imuulula.

*

Lorna anamupeza Gordon Penner m'kachipinda kopanda windo, pakati pa matumba a chakudya cha mbewa ndi makina akale. Anali bambo wa imvi, wofatsa, atavala juzi yobooka pachigongono. Anamukokera mpando n'kuyatsa ketulo asanafunsidwe kanthu.

"Ndinu mkulu wake wa Ingrid," anatero. "Musadabwe, mphuno ndi imodzi. Tiyi wanga ndi woipa, koma ndi wotentha."

"Mwagwira naye ntchito nthawi yaitali?"

"Tinayambira limodzi tili ophunzira, tikugona pansi pa matebulo. Timafunde take totchukato, woyamba kutiona ndine. Ndinamuitana ndekha, ndikuti Ingrid, tabwera udzaone ichi. Anabwera, anaona, ndipo mpaka lero akuyankhulabe." Anaseka. "Sindikudandaula, mayi. Wina amakwera ndege, wina amatsala n'kumatsuka mabotolo. Nanenso ndili ndi kakafukufuku kanga, pa shelefu ya kumanja. Timbewa wamba, ngati mwini wake. Ndikuona ngati nthawi yodyera imasintha tulo. Zikatheka, lidzakhala pepala loyamba kukhala ndi dzina langa kutsogolo. Felemu ndagula kale."

"Munazipeza bwanji?"

"Ndinalowa m'mawa uno, ndinamva zii mbali imodzi. Mbewa zimachita phokoso, mukudziwa, tsekeretsekere. Kuyang'ana kumanzere, zonse zili kwala. M'mabotolo muli madzi apinki, aja timathira m'galimoto kuti injini isaundane. Amatsekemera amene aja, ndiye zinamwa mosangalala, zosauka. Sindinakhudze kanthu. Ndinathamangira kwa Ingrid."

"Musanalowe lero, munalowamo liti?"

"Lachinayi."

"Dzulo munali kuti?"

"Pamtsinje. Ndinaboola madzi oundana n'kumawedza."

"Ndi ndani?"

"Ndinapangana ndi nsomba, koma nazonso sizinabwere."

"Maricel mumamuona bwanji?"

Gordon anazunguliza supuni m'kapu. "Mwana wabwino. Wangokhala chaka chimodzi, dzina lake lili kale lachiwiri pa pepala lalikulu. Langa lili kumchira uko, pafupi ndi othokozedwa. Ingrid akamayenda naye pakhonde amayankhulana ngati anthu obadwa tsiku limodzi. Kale ankayenda choncho ndi ine. Koma mwanayu ndi wopsa mtima, mayi. Mawu a Lachisanu aja ndinawamva ndi makutu angawa."

Anamuperekeza mpaka pa masitepe otsikira pansi, n'kumuuza nambala ya pachitseko.

"Chinthu chimodzi chokha. M'menemo masana ndi usiku. Tinazitembenuzira nthawi kuti zizikhala maso ife tikamagwira ntchito. Timayendera nyali yofiira, chifukwa mbewa siziiona. Yoyera imayaka yokha ife titaweruka. Mukaiyatsa pano musokoneza tulo tawo mlungu wathunthu. Chiyambire, palibe anaiyatsapo masana. Mukayerekeza, Ingrid akudyani wamoyo."

*

Chitseko chitatsekeka, Lorna anaima kaye kuti maso azolowere. Zonse zinali zofiira: makoma, manja ake, malaya oyera amene anavala pamwamba pa yunifolomu. Munkanunkha utuchi ndi mkodzo. Kumanja kunkamveka tsekeretsekere uja, mbewa zovala tizipewa ta mawaya zikuthamanga m'makola a pulasitiki. Kumanzere kunali zii.

Anawerama pa khola loyamba. Panali nambala yokha, popanda dzina, monga pa makola onse, kuti woyesa asamakondere. M'katimo kambewa kanagona chammbali, kachipewa kake katapendeka. Lorna anayang'ana botolo lake, n'kuyang'ana la kumanja. Madzi anali ofanana. Anachotsa limodzi n'kulinunkhiza. Munalibe fungo lililonse.

Pobwerera m'mbuyo anagunda chidebe cha zinyalala ndi bondo, botolo lija n'kupulumuka m'manja, kugubuduzikira kaya kuti. Lorna anatukwana. Anapapasa khoma mpaka anapeza swichi yophimbidwa ndi kabokosi komatidwa ndi guluu, fumbi lili mbuu pamwamba pake. Anakumbukira chenjezo la Gordon. Anakumbukiranso chithunzi cha pakhomo chija. Anakanganula kabokosiko n'kuyatsa.

Kuwala kunamulasa m'maso. Atawatsegula, anali m'chipinda china.

Mabotolo a kumanzere anali apinki ngati maswiti. A kumanja anali oyera, ndipo onse anali odzaza mpaka m'khosi. Pa chivindikiro choyera cha khola lililonse la kumanjako panamatidwa kachidutswa ka tepi yofiira.

Anazimitsa. Tepi inasowa, mtundu wa pinki unasowanso. Anayatsa, zonse n'kubwerera. Anachita zimenezi kangapo ngati mwana wamng'ono. Kenako anazimitsa n'kutuluka, botolo lija osalitola.

*

Maricel Abad anali pa benchi ya panja pa ofesi ya akuluakulu, atavala kale jekete, chikwama chili pamwendo, kolona m'manja. Atangoona yunifolomu pansi pa malaya oyera aja anayamba asanafunsidwe.

"Mayi, Mulungu akundiona, ine sindinaphe. Dzulo ndinali ku Misa, kenako kwa azakhali anga, tinaphika pansiti, tinaimba, funsani aliyense, ngakhale oyandikana nawo anagogoda khoma chifukwa cha phokoso. Chabwino, ndinachoka msanga, mutu unkandipweteka, koma mayi, mbewa zimene zija ndimaziimbira nyimbo, ndingaziphe bwanji? Mawu aja anali a mkwiyo basi. Amayi anga ndawauza kale kuti chaka chamawa ndiwaitanitsa kuno, agulitsa kale nkhumba zawo, ndikawauza chiyani?"

"Tepi yofiira anamata ndani?"

Zala za Maricel zinasiya kuyenda pa kolona.

"Ukandibisira sindikuthandiza, mwana iwe."

"Ndine," ananong'ona. "Lachisanu, onse ataweruka, nyali yoyera isanayake. Mphepo ija inalipodi, mayi, zinkaunjikana pakona zikunjenjemera. Mashelefu ali ndi matayala. Ndinangosinthanitsa, ya a Pulofesa kupita kumanja, ya a Penner kubwera kumanzere. Za a Penner n'zolimba, mphepo siingazichite kanthu. Ndinati ndidzabweza akakonza denga. Tepiyo ndinamata kuti ndisasokoneze. Inali yokhayo m'chikwama changa. Pomata ndinaona kuti siikuoneka, ndinadziseka ndekha, koma ndinati basi, ndiziimva ndi chala. Ndinaopa kunena. Kusuntha shelefu pakokha ndi mlandu wochotsetsa ntchito."

"Anakuuza kuti zafa ziti?"

"Anangoti za a Pulofesa. Sanandilole n'kutsika komwe."

"Zafa za kumanzere. Za tepi zikuthamanga."

Maricel anaimirira, chikwama n'kugwa pansi. Lorna anamugwira mkono n'kumukhazikanso.

"Usauze munthu. Ndiuze za madzi. Unathira liti?"

"Lachisanu lomwelo, mbali zonse ziwiri."

"Pofika lero akanakhala pati?"

Maricel anakweza dzanja ngati wagwira botolo, n'kuloza pakati.

Ndiye kuti wina analowa dzulo masana, anapha mbali imodzi, n'kudzazira mbali inayo madzi abwino. Sanali munthu wakunja, chifukwa wakunja akanakanganula kabokosi kaja n'kuyatsa nyali monga anachitira iye. Sanali Maricel, chifukwa Maricel yekha ndiye ankadziwa kumene kunali mbewa za Ingrid. Anatsala awiri.

*

Lorna ankadziwa kale mawu amene sanagwirizane ndi zomwe maso ake anaona m'chipinda chija. Ankadziwanso mwini mawuwo. Komabe mapazi ake anamutengera kumtunda, ku ofesi ya Ingrid, ndipo iye sanawaletse.

Analowa atavalabe malaya oyera a m'chipinda cha mbewa aja. Ingrid anayetsemula. Anayetsemulanso, n'kukankhira mpando kumbuyo mpaka kukhoma.

"Vulani chimenecho, achemwali! Panja! Mukufuna kundipha?"

Maso ake anali atayamba kale kufiira, misozi ikutsika, m'chifuwa mukulira ngati kamluzu. Anatsegula kabati n'kutulutsa kachubu kopopera mankhwala m'kamwa.

Lorna anaponya malayawo pakhonde. "Chayamba liti chimenechi?"

"Papita zaka. Thupi langa linadana ndi ubweya wa mbewa. Ndikangolowa m'menemo maso amatupa mpaka mkuja. Mumati sindinatsike chifukwa chiyani? Katswiri wa mbewa wosakhudza mbewa. Musakauze anthu."

Lorna anakumbukira maso a Ingrid momwe analili m'mawa, oyera bwinobwino, osatupa. Kanthu kofunda kaja kanazizira m'chifuwa mwake. Chimene chinamuchititsa manyazi n'chakuti anamva ngati walandidwa kanthu.

"Nanga kwa Amayi unathawiranji?"

Ingrid anapukuta mphuno. "Mumakhala mulipo, simumva? Lorna wamumeta Alvin. Lorna wamugulira nsapato. Alvin amadya pokhapokha akaphika Lorna. Ine ndikalowa, Alvin amanditcha a Dokotala, n'kubisa manja pansi pa tebulo. Inu amakusekererani. Mumangomuyang'ana n'kudziwa kuti sanagone, ine mpaka ndimumate mawaya. Ndinabwera kuno chifukwa kuno ndimadziwa pokhala."

Lorna anali ndi mawu ambiri amene anawasunga kwa zaka, okonzedwa bwino, akuthwa. Anawafufuza m'kamwa koma palibe limene linakwana pamalopo.

"Usachoke mu ofesi," anatero, n'kutola malaya aja pakhonde.

*

Lorna anapempha Gordon kuti atsike naye akamusonyeze momwe anazipezera. Gordon analowa mwakachetechete ngati wolowa m'tchalitchi. Asanayang'ane kwa zakufa, anapita kaye kumanja n'kugogoda khola limodzi ndi chikhadabo.

"Muli bwanji, anyamata?" ananong'ona.

"M'mawa munaima pati?" Lorna anafunsa.

"Apa."

"Nyali inali iyi yomwe?"

"Ndanena kale, mayi. Inayo sitiyatsa."

Lorna anachotsa botolo limodzi kumanzere, lina kumanja, anawabisa kumbuyo, n'kuwatulutsanso. "Lapinki ndi liti?"

Gordon anawayang'ana.

"Munandiuza kuti munaona madzi apinki. Simunakhudze kanthu, simunayatse nyali. Ine ndayang'ana mpaka maso kuwawa. Muno mulibe pinki, bambo Penner. Pinkiyo munamuonera kunja, dzulo, potsitsa chigubu m'galimoto mwanu."

"Ndinangoganizira. Mu Winnipeg muno poizoni wina ndi uti?" Anaseka pang'ono. "Mukufuna kumanga munthu chifukwa cha mtundu wa madzi?"

"Mbali iyi anadzaza ndani? Maricel anathira Lachisanu. Inu mwati munalowa Lachinayi. Wakupha wanji amene amamaliza kupha n'kuyamba kumwetsa zotsala?"

"Kafunseni wakuphayo."

"Ndikumufunsa." Lorna anatambasulira dzanja kukhoma.

"Musayatse!" Gordon analumphira kumanja, natambasula malaya ake kuti atchinge makola.

Lorna anayatsa.

Gordon anaphethira. Anali atatsamira shelefuyo, tepi yofiira ili pamphuno pake penipeni. Anaikhudza ndi chala.

"N'chiyani ichi? Ndani wamata zofiira muno?"

"Maricel. Lachisanu anasinthanitsa mashelefu, kuthawitsa mbewa za Ingrid ku mphepo. Mukutchingazo ndi za Ingrid."

Gordon anawerama n'kuwerenga nambala ya pa khola, milomo ikuyenda. Anawerenga ya khola lachiwiri. Kenako anatembenuka pang'onopang'ono n'kupita kumanzere. Kumeneko anangowerenga imodzi. Anatsegula chivindikiro, anatulutsa kambewa kouma gwa, n'kukaika pachikhatho.

"Ayi," anatero. "Ayi, ayi. Za Ingrid zimakhala kumanzere. Zaka zonsezi zimakhala kumanzere. Ine ndinathira kumanzere." Anakhala pansi pa simenti, miyendo itatambalala ngati ya mwana. "Ndinazimwetsa ndi manja angawa."

Kumanja mbewa za Ingrid zinali zitabisala mu utuchi kuthawa kuwala, mabotolo awo ali odzaza mpaka m'khosi.

Lorna anazimitsa nyali. Munthuyo anali wosavuta kumuyang'ana m'kufiira.

*

Sanamumange unyolo. Anayenda naye pang'onopang'ono mpaka pakhomo, pamene galimoto ya anzake inkadikira. Atafika pansi pa chithunzi, Gordon anaima n'kuyang'ana m'mwamba.

"Ndinkangofuna kuti adzandiitane," anatero. "Zikafa zonse, mwana uja atapita, atsala ndi ndani woti ayambirenso naye? Akanabwera m'kachipinda kanga kaja n'kunena kuti Gordon, titani?" Anapukuta maso ndi juzi. "M'mawa ndinali pa masitepe apo. Ndinakuonani momwe munaimira pano. Inu mukundimva, eti mayi?"

"Yendani, bambo Penner."

Lorna sanamutsutse.

Atabwerera m'kati anapeza Ingrid atatsika, mpango uli pamphuno, maso otupa ngati walumidwa ndi njuchi. Lorna anamufotokozera mwachidule, ataimira patali. Atamva kuti mbewa zili moyo, Ingrid anagwira khoma. Atamva za Gordon anatseka maso.

"Maricel anasuntha shelefu yanga nditakana?"

"Anasuntha."

"Kamuuzeni akatenge khadi lake. Akuluakulu ndiyankhula nawo ndekha." Anapuma movutikira. "Ndipo agule tepi ya mtundu wina."

Lorna anatembenukira kukhonde, koma Maricel anali ataima kale pakona, atamva zonse. Anadziika chizindikiro cha mtanda n'kuthamangira pa masitepe otsikira pansi, jekete osavula.

"Dikirani," Ingrid anatero. "Tepiyo munaiona bwanji? Achemwali, munayatsa nyali yoyera?"

"Kangapo."

"Mlungu wathunthu wa ntchito!"

"Kandisumire."

Ingrid anatsegula pakamwa kuti akalipe, koma m'malo mwake anayetsemula. Anaima pansi pa chithunzi chake chomwe, wamfupi, mphuno ili psuu, tsitsi litasokonekera. Lorna anayang'ana wa pakhomayo, n'kuyang'ana wa pansiyu. Anavala magolovesi ake pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

"Lamlungu usapite kaye kwa Amayi," anatero. "Udzere kwathu. Alvin tsitsi lakula. Makina ometera ndikupatsa."

"Akandikana?"

"Akukana ndithu. Akutcha a Dokotala, abisa manja."

"Ndiye?"

"Ndiye ubwerenso Lamlungu linalo. Inenso anandikana chaka chathunthu."

Lorna anakankha chitseko. Mphepo inamumenya kumaso, ndipo kumbuyo kwake anamva mng'ono wake akuyetsemulanso.